Thalauza la mlenje m'dzuwa, m'mvula ndi m'chisanu

Thalauza lolakwika silichedwa kudziulula. Ola loyamba lisanathe, ntchafu zayamba kale kuwawa chifukwa cha msoko wokhula khungu, kapena mame a m'udzu anyowetsa miyendo mpaka m'mawondo, kapenanso nsalu ikulira pa sitepe iliyonse moti nyama yakumvani mudakali kutali. Alenje ambiri amaganizira kwambiri za jekete ndi jombo, thalauza n'kungotola lililonse, chonsecho miyendo ndi imene imalimbana ndi minga, matope, miyala ndi udzu wonyowa kuyambira m'bandakucha mpaka madzulo.

Ogulitsa amakonda kugawa mathalauza potengera nyengo: ili ndi la kotentha, ili la mvula, ili la chisanu. Kugawa kotereku kumathandiza pang'ono chabe. Choyamba kudziwa n'chakuti tsikulo mukakhala mukuyenda kapena mukakhala pansi kudikira nyama. Thupi la munthu amene akukwera phiri atabereka chikwama limapanga kutentha kuwirikiza kasanu kapena kuposa poyerekeza ndi la amene wangoti phee pobisalira. Awiriwa atha kukhala m'nkhalango imodzi tsiku limodzi, koma thalauza lofunditsa wokhalayo lingamusambitse thukuta woyendayo. Ndipo thukuta ndi madzi ngati mvula yomwe. Madzi amadutsitsa kutentha pafupifupi ka 25 kuposa mpweya, choncho nsalu yonyowa ikamata khungu, kutentha kwa thupi kumathawa mwachangu mukangoima. Kusankha thalauza, kwenikweni, ndi kusankha mmene mungalimbanire ndi madzi ochokera mbali ziwiri: a kunja ndi a m'kati.

Nsalu ndi manambala a pachikalata

Thonje limamwa madzi, limawasunga, ndipo limauma mochedwa. Kumalo ozizira ndi onyowa n'loopsa ndithu. Jinzi ndiye musaiganizire n'komwe: ndi yolemera, ikanyowa imauma mawa lake, msoko wake wam'kati mwa ntchafu ndi wokhuthala, ndiponso mtundu wake wa buluu nyama zambiri zimauona bwino. Komabe thonje lili ndi malo ake. Kumene kukutentha kouma, thukuta likamauma pang'onopang'ono pansalu limaziziritsa miyendo, nsaluyo silira, ndiponso nthethe za moto sizilisungunula. Nsalu yosakaniza, ya poliyesitala 65 peresenti ndi thonje 35 peresenti, imauma msangako kuposa thonje lokhalokha ndipo imapirira kukhulika.

Nayiloni ndiye wolimba kwambiri pokhulana ndi miyala ndi zitsamba. Poliyesitala samwa madzi kwenikweni, sapitirira 1 peresenti ya kulemera kwake, n'chifukwa chake amauma msanga, koma amasunga fungo la thukuta. Onse awiri amaopa moto. Kanthethe kamodzi kamasiya bowo. Kuti nsalu izitamuka, amaikamo ulusi wa elastane, kawirikawiri 5 mpaka 10 peresenti. Ukachuluka kuposa apo thalauza limachedwa kuuma ndipo limayamba kulendewera m'mawondo. Ubweya wa nkhosa ndi wosiyana ndi zonsezi: umatha kumwa chinyezi chofika 30 peresenti ya kulemera kwake usanamveke kunyowa, umafundabe uli wachinyontho, sununkha msanga, ndipo m'tchire ndi wachete kuposa nsalu ina iliyonse. Vuto lake ndi kulemera ukanyowa kotheratu.

Pachikalata yang'anani manambala awiri. Loyamba ndi kulemera kwa nsalu pa sikweya mita imodzi: magalamu 120 mpaka 180 ndi yopyapyala ya kotentha, 200 mpaka 280 ndi yapakati, kuyambira 300 ndi yokhuthala. Lachiwiri ndi denier, lolembedwa ndi D, kutanthauza magalamu amene ulusi wotalika mamita 9,000 umalemera. Zigamba za nayiloni wolimba wotchedwa Cordura za 500D m'mawondo ndi kumatako n'zokwanira kwa anthu ambiri. 1000D ndi yolimba kwambiri koma ndi yosapindika bwino, yotentha ndi yaphokoso. Nsalu ya ripstop, ya timabokosi ting'onoting'ono ija, ili ndi ulusi wokhuthala woikidwa motalikana mamilimita 5 mpaka 8. Imaletsa kuti pong'ambika pasapitirire, koma siletsa munga kulowa. Ambiri amasokoneza zinthu ziwirizi.

Kukamatentha

Apa pamafunika nsalu yopyapyala, yolukidwa mothinana, koma thalauzalo likhale lomasuka. Thalauza lothina, ngakhale litakhala lopepuka chotani, silipatsa mpweya malo oyendamo, ndipo udzudzu umaluma kudutsa nsalu yomata khungu. Mazipi otsegula m'mbali mwa ntchafu, otalika masentimita 25 mpaka 30, amachita zambiri kuposa nsalu iliyonse imene amati "imapuma". Mukamakwera mtunda muwatsegule, mukamalowa m'zitsamba muwatseke. Akhale ndi kaneti m'kati kuti tizilombo ndi njere za udzu zisalowe.

Kabudula wam'kati asakhale wathonje. Sankhani wa poliyesitala kapena merino (ubweya wofewa wa nkhosa) wofika pakati pa ntchafu, wa misoko yosalala. Zilonda zambiri za m'ntchafu zimene anthu amanamizira thalauza zimayambira pa kabudula wonyowa amene wakwinyika.

Kuvala kabudula yekha m'tchire kumakopa dzuwa likaswa mtengo, koma nkhupakupa ndi zimene zimapindula. Zimadikira pansonga za udzu, zikakumatani zimakwera m'mwamba kufunafuna khungu. Lowetsani miyendo ya thalauza m'masokosi, malaya m'thalauza, kuti ziziyenda kunja komwe mungazione, ndipo pansalu yowala ngati ya kaki zimaoneka msanga kusiyana ndi pansalu yamawangamawanga akuda. Mankhwala a permethrin a 0.5 peresenti amapopedwa pansalu, osati pakhungu. Yanikani thalauza panja pamthunzi, lipopeni mbali zonse mpaka lichite chinyontho, makamaka m'munsi mwa miyendo ndi m'chiuno, kenako lisiyeni liume maola awiri kapena anayi. Amagwira ntchito pafupifupi milungu 6 kapena mpaka mutachapa ka 6. Opakidwira kufakitale amafika ka 70. Akadali onyowa ndi poizoni kwa amphaka ndi nsomba, ndiye samalani pomwe mukupopera. Kumene kuli kashembe, pewani nsalu yakuda ndi ya buluu woderapo, chifukwa ndi mitundu imene imamukoka, ndipo amaboola nsalu yopyapyala.

Minga ndi nkhani ina. Mathalauza a m'minga amakhala ndi chikuto cha nayiloni wokhuthala kapena thonje lopakidwa phula kutsogolo konse, kuyambira m'ntchafu mpaka m'akakolo, ndi kumbuyo kwa msongolo. Amateteza, koma amatentha zedi. Ngati minga ili m'zigawo zochepa chabe za ulendo, ndi bwino kuvala thalauza lopepuka n'kunyamula zikuto zamiyendo zomangirira pa lamba, zovala pofika pamingapo. Za njoka: palibe thalauza wamba limene mungalidalire. Pali zotchinga zolimba zopangidwira ntchito imeneyo, zophimba kuyambira pa jombo mpaka pansi pa bondo.

Mame a m'mawa amanyowetsa kuposa mvula yowaza. Mankhwala ake si thalauza la mvula ayi, koma ma gaiter, zotchinga zomanga kuyambira pa jombo mpaka pansi pa bondo. Amaletsanso timiyala ndi njere zomata monga za chisoso kulowa m'masokosi.

Mvula

Apa ndi pomwe anthu amanamizidwa kwambiri, chifukwa mawu a pachikalata amafanana koma zinthu zake n'zosiyana. Pali nsalu yongothamangitsa madontho, ndipo pali nsalu yosalowa madzi. Yoyambayo yapakidwa mankhwala otchedwa DWR kunja, ochititsa madzi kuundana timadontho n'kugubuduka. Imakwanira pa mvula yowaza ya mphindi makumi angapo, koma mukagwada paudzu wonyowa madzi amalowa nthawi yomweyo. Yachiwiriyo ili ndi kachikopa kopyapyala m'kati mwa nsalu. Kodziwika kwambiri ndi Gore-Tex, kochokera pa zimene Bob Gore anapeza mu 1969 atatamula pulasitiki ya PTFE mwadzidzidzi: timabowo take ndi tating'ono kwambiri moti dontho silidutsa, koma nthunzi ya thukuta imadutsa.

Mphamvu yotchinga madzi imalembedwa m'mamilimita, kutanthauza kutalika kwa mzati wa madzi umene nsalu ingasenze isanayambe kudontha. Pa jekete mamilimita 10,000 amakwanira nthawi zambiri. Pa thalauza ndi malire apansi chabe, chifukwa mukagwada kapena kukhala, kulemera kwa thupi kumakankhira madzi pakamalo kakang'ono. 20,000 ndiye odalirika. Tembenuzani thalauzalo muone misoko. Singano iliyonse imasiya bowo, choncho msoko uliwonse uyenera kukhala womatidwa ndi tepi m'kati, makamaka pakati pa miyendo ndi kumatako. Nsalu ya magawo atatu, imene kachikopako kali pakati pa nsalu yakunja ndi yam'kati zonse zitamatidwa pamodzi, imakhalitsa. Ya magawo awiri ndi theka ndi yopepuka ponyamula, koma imanata pakhungu ndipo imayamba kusupuka msanga pomwe pamakhulika.

Chimene otsatsa malonda sanena mokweza n'chakuti nthunzi imatuluka pokhapokha ngati kunja kuli kozizira ndi kouma kuposa m'kati. Mvula ikamagwa kukutentha, mpweya wadzaza kale chinyezi, thukuta lilibe kopita. Mukayenda ola limodzi mudzapeza miyendo yanyowa, n'kumati thalauza likudontha, pomwe madziwo ndi anu omwe. M'nyengo yotere, ngati kutentha kukupitirira madigiri 20 ndipo mukuyenda, kuli bwino kungovala thalauza lopyapyala louma msanga, kulola kuti linyowe, n'kusunga lina louma m'thumba la pulasitiki lodzavala pomaliza. Thalauza la mvula ndi la pamene kukuzizira, kukuomba mphepo, kapena mukukhala malo amodzi.

Chinthu chinanso chonamiza ndi DWR akatha mphamvu. Nsalu yakunja imamwa madzi n'kuda, kachikopa kali bwinobwino, koma nthunzi singadutsenso pansalu yodzaza madzi, ndipo mwendo umamva kuzizira ngati kwalowa mvula. Mathalauza a mvula okhala ndi kunja kofewa ngati bulangete, opangidwa kuti asalire, ndi amene amavutika kwambiri ndi zimenezi: amakhala chete, inde, koma akamwa madzi amalemera ndipo sauma usiku umodzi m'tenti.

Njira yabwino ndi kukhala ndi thalauza la mvula lovala pamwamba pa lina, losungidwa m'chikwama. Likhale ndi zipi yam'mbali yofika m'chiuno kapena pamwamba pa bondo kuti mulivale osavula jombo. Livaleni mvula isanakunyowetseni. Mukalivala pamwamba pa nsalu yonyowa kale, mwatsekera madziwo m'kati. Miyendo yake iphimbe jombo ndi ma gaiter kunja, monga malata amasanjikizana padenga, wapamwamba kuphimba wapansi. Mukailowetsa m'jombo, mvula yonse yotsika pantchafu ikathera kumapazi.

Osaka abakha m'madambo amavala mathalauza olumikizana ndi jombo ofika pachifuwa. A neoprene, labala wofewa ngati siponji, wa mamilimita 3.5 ndi a madzi ozizira pang'ono, a mamilimita 5 ndi a madzi ozizira kwambiri, koma onse amatentha poyenda pamtunda. Lamba wa m'chiuno amangidwe mothina nthawi zonse, chifukwa mukaterereka popanda lambayo, madzi amadzaza m'miyendo ndipo kutuluka kumavuta.

Chisanu

Thalauza limodzi lokhuthala kwambiri ndi la munthu amene sayenda mtunda wautali. Wina aliyense asanjikize. Pakhungu pakhale thalauza lam'kati lothina pang'ono, la merino kapena poliyesitala: magalamu 150 pa sikweya mita ngati mukuyenda kwambiri, 200 ngati mukuyenda ndi kuima, 250 ngati kwazizira kupitirira pomwe madzi amaundana. Pamwamba pake pabwere thalauza la softshell, lotamuka, lotchinga mphepo yambiri koma lotulutsa nthunzi. Chachitatu, thalauza lofunda lokhala ndi zipi m'mbali monse, chimakhala m'chikwama mpaka mutafika pokhala.

Nyamukani mukumva kuzizira pang'ono. Pakapita mphindi 10 mukuyenda thupi limafunda lokha. Ngati munali wofunda kale ponyamuka, ndiye kuti mwavala zambiri ndipo muchita thukuta. Mukafika pobisalira, dikirani mphindi zochepa nthunzi ituluke, kenako valani lofundalo musanayambe kunjenjemera. Zofunda sizipanga kutentha, zimangosunga kumene kulipo. Mukachedwa, zisunga chiyani?

Zoikamo m'kati mwa thalauza lofunda zimayezedwanso pa magalamu. Za ulusi wopanga, 40 mpaka 60 ndi zoti mutha kuyenda nazo pang'ono, 100 mpaka 200 ndi zokhalira maola ambiri. Nthenga zofewa za abakha kapena atsekwe zimafunda kwambiri poyerekeza ndi kulemera kwake ndipo zimapindika kukhala kamtolo kakang'ono, koma zikanyowa zimaundana n'kusiya kufunda. Kumalo achinyezi, za ulusi wopanga ndizo zodalirika. Zonsezi zimafunda chifukwa cha mpweya wotsekeredwa m'kati, ndiye pomwe mwakhalira pamaphwanyika ndipo sipafundanso. Kachidutswa ka siponji yolimba yosamwa madzi, yochindikala sentimita imodzi kapena awiri, kokhalira, kamathandiza kuposa kuwonjezera magalamu 100 a zofunda.

Mphepo iwerengedwe padera. Kukakhala madigiri 0 ndipo mphepo ikuthamanga makilomita 30 pa ola, khungu limataya kutentha ngati kuli madigiri 6 pansi pa ziro. Thalauza la fleece, nsalu yofewa ngati bulangete, lopanda chotchinga mphepo limalowetsa mpweya ngati sefa, ndiye pamalo oonekera valani la mvula lija pamwamba ngakhale kulibe mvula. Kumapiri, mamita 1,000 aliwonse amene mwakwera, kutentha kumatsika pafupifupi madigiri 6.5. Zanyengo zimene mwamva za kuchigwa si za pamwamba.

Wokhala nthawi yaitali amapindula ndi thalauza lofika pachifuwa, la zingwe za m'mapewa. Limatseka mpata wa kumsana umene umatseguka jekete ikakwera mukakhala, ndipo silifuna lamba wothina. Chilichonse chothina m'chiuno, kumbuyo kwa bondo kapena m'akakolo chimachepetsa kuyenda kwa magazi, ndipo mapazi ndi amene amayamba kuzizira.

Nyengo yoopsa kwambiri si ya chipale chofewa chouma, chifukwa chimenecho chimangosasika. Ndi ya madigiri 0 mpaka 5 kuli mvula ndi mphepo. Kutentha kwa m'thupi kukatsika pansi pa madigiri 35, munthu amanjenjemera kosaleka, zala zimalephera kutseka zipi, mawu amatuluka mozelezeka. Zikafika apo, ulenje watha. Vulani zonyowa, valani zouma, pezani pothawira mphepo.

Kuyesa musanagule

Yesani thalauza mutavala jombo zanu zosakira ndi zam'kati zimene mudzavale. Nyonyomalani mpaka pansi, pondani pampando ndi phazi limodzi, gwadani, kenako khalani. Kumbuyo kusatsike n'kusiya msana pamtunda, ndipo m'mawondo musakoke. Yang'anani pakati pa miyendo ngati pali kachigamba kooneka ngati daimondi m'malo mwa misoko inayi yokumana pamodzi, chifukwa pokumana misoko ndi pomwe pamayamba kung'ambika. Mawondo akhale osokedwa mopindika kale. Ngati muli matumba oikamo zotetezera mawondo, gwadani muone ngati siponjiyo ikugwera pabondo penipeni. Ikakhala mmunsi, imangokhula msongolo tsiku lonse.

Ngati mumabereka chikwama cha lamba wa m'chiuno, chivaleninso poyesa. Chitsulo cha lamba wa thalauza, mabatani ndi tizingwe tolowetsamo lamba zikapanikizidwa ndi chikwama cholemera zimasiya zilonda pafupa la m'chiuno. Lamba wopyapyala wansalu kapena zingwe za m'mapewa zimathetsa vutoli. Matumba a pantchafu akhale m'mwamba ndi chakutsogolo pang'ono. Akatsika, foni kapena mpeni umamenya bondo pa sitepe iliyonse. Akhale a zipi. Zomata za Velcro zimalira kwambiri potsegula, ndipo zimadzaza njere za udzu.

Phokoso liyeseni pokhulanitsa miyendo iwiri ya thalauza, kenako kandani nsaluyo ndi zikhadabo monga ingachitire nthambi. Nsalu yokhala ndi kachikopa kapena phula imauma gwa kukazizira n'kuyamba kulira kwambiri, choncho imene ili chete m'chipinda chofunda itha kukudabwitsani m'bandakucha. Wosaka ndi uta, amene ayenera kuyandikira mamita 20 kapena 30, aike kukhala chete patsogolo pa kulimba; wamfuti wowombera patali atha kulolera kaphokoso pang'ono.

Mawanga a thalauza obisa mlenje m'tchire ndi chinthu chomaliza kuda nacho nkhawa, ngakhale ndicho chimene chimagulitsa. Agwape ndi nyama zofanana nazo saona bwino mitundu yofiira ndi ya olenji, koma buluu amamuona kwambiri, ndipo chimene chimawadzidzimutsa msanga ndi kusuntha ndi fungo. Thalauza la mtundu umodzi, wa dothi, wobiriwira moderapo kapena wotuwa, limakwanira. Mbalame ndizo zimaona mitundu bwino, kotero osaka mbalame mawanga amawathandizadi. Kumene malamulo amafuna chovala cha olenji wowala, tsatirani, ndipo musalole kansalu koyera kulendewera m'thumba lakumbuyo: mlenje mnzanu ali patali atha kukayesa mchira wa nyama.

Kachapidwe kamawononga mathalauza ambiri kuposa minga. Chapani m'madzi a madigiri 30, mazipi atatsekedwa, ndi sopo wopanda fungo komanso wopanda mankhwala owalitsa nsalu, popeza amenewa amawonjezera kuwala kwa buluu komwe nyama zimaona. Mankhwala ofewetsa zovala asayandikire: amakuta ulusi, kupha DWR ndi kuletsa nsalu kukoka thukuta. Thalauza la mvula lizichapidwa ndithu, chifukwa mafuta a m'thupi ndi litsiro zimatseka kachikopa ndi kumatula tepi ya m'misoko. Likauma, kutentha pang'ono kumadzutsa DWR: mphindi 20 m'makina oumitsira pamoto wochepa, kapena kusita ndi ayironi yofunda chabe mutayala nsalu ina pamwamba. Wazani madzi; akapanda kuundana timadontho, pakaninso mankhwala atsopano. Magazi a nyama atsukidwe ndi madzi ozizira asanaume, chifukwa madzi otentha amawaphika n'kuwakhazikitsa m'nsalu. La ubweya lichapidwe m'madzi ozizira ndi kuyanikidwa chogoneka kuti lisafupike kapena kutamuka. Pakang'ambika m'tchire, pukutani pamalopo paume, dulani tepi yokonzera yopitirira bowolo masentimita awiri mbali zonse, ndipo makona ake muwadule mozungulira, chifukwa kona yosongoka ndi imene imayamba kumatuka ikakodwa ndi udzu.